Buledi, Madzi ndi Linga: Mmene Mzinda wa Constantinople Udakulira

Ophunzira, mzinda umene tiphunzire lero ndi umene masiku ano umatchedwa Istanbul, m'dziko la Turkey. Tiutsata kwa zaka zoposa 300, kuyambira mu 324 pamene mfumu Constantine adasankha malowo, kufikira pamene udayamba kufota. M'mabuku ambiri nkhaniyi imathera pa mzere umodzi: pa 11 Meyi 330 Constantine adatsegulira likulu latsopano la ufumu wa Roma, nalitcha dzina lake. Tsikulo n'loona, ndipo mulisunge. Koma chimene chidatsegulidwa tsiku limenelo chidali malo odzala njerwa, fumbi ndi amisiri, oti palibe akadalumbira kuti akhalitsa. Kuti pakhale likulu lenileni padapita zaka pafupifupi 100, ndipo ntchito yaikulu m'zaka zimenezo idali yopezera mzindawo zinthu zitatu zimene malowo adalibe: chakudya, madzi ndi chitetezo cha kumtunda.

Malo ake

Tiyambe ndi mapu. Mzindawu uli pa nsonga ya Ulaya, pamene Ulaya ndi Asia amayang'anizana, ndipo malo ake ndi a ngodya zitatu. Kumwera kuli nyanja ya Marmara. Kumpoto kuli Golden Horn, nthambi ya nyanja yolowa kumtunda makilomita oposa 7, yozama ndi yodekha, moti zombo zimakocheza bwino ngakhale kunja kutavuta. Pansonga penipeni pamathera mpata wa Bosporus, njira yokhayo ya zombo zochokera ku Black Sea. Mbali ya kumadzulo yokha ndiyo yolumikizana ndi mtunda.

Agiriki a ku Megara adaona ubwino umenewu m'zaka za m'ma 600 Khristu asanabadwe, namangapo mzinda wa Byzantium. Kwa zaka pafupifupi 1,000 udangokhala mzinda wapakatikati, wodalira nsomba ndi msonkho wa zombo zodutsa. Ndiye dzifunseni: ngati malowo adali abwino chotero, bwanji sudakule? Pamalopo palibe mtsinje woti n'kuutchula, kupatula kamtsinje ka Lycus kosakwanira khamu la anthu. Minda yozungulira sikadatha kudyetsa mzinda waukulu. Ndipo kumadzulo kuli dziko la Thrace, lopanda chotchinga chenicheni, moti ankhondo akangowoloka mtsinje wa Danube ndi mapiri a Balkan, njira imakhala yoyera mpaka pakhomo.

Nanga Constantine adafunapo chiyani? Pofika nthawi yake mafumu adali atasiya kale kukhala ku Roma. Nkhondo zidali kumalire, ku Rhine, ku Danube ndi kummawa kumene kudali ufumu wa Persia, ndipo Roma udali kutali ndi konseko. Diocletian, amene adalamulira kuyambira 284 mpaka 305, ankakonda kukhala ku Nicomedia, makilomita pafupifupi 100 kummawa kwa Byzantium. Anzake ankakhala ku Milan, Trier, Sirmium ndi Thessalonica. Kumene mfumu yakhala kunkamangidwa nyumba yachifumu, bwalo la mpikisano wa magaleta ndi mabafa aakulu, koma mfumuyo ikafa kapena kusamuka, ulemerero unkasamuka nayo. Pa 18 Sepitembala 324 Constantine adagonjetsa Licinius ku Chrysopolis, tsidya lina la Bosporus, natsala yekha pampando. Chaka chisanathe adalemba malire a mzinda watsopano moyang'anizana ndi pamene adapambanira. Munthu wa nthawi imeneyo akadanena kuti uyu ndi Nicomedia wina chabe, palibe akadamutsutsa.

Zimene Constantine adamanga

Adayamba ndi linga, makilomita pafupifupi 3 kumadzulo kwa linga lakale, kuchokera ku Marmara kukafika ku Golden Horn. M'kati mwake adalambula msewu waukulu wotchedwa Mese, wokhala ndi makonde a mizati uku ndi uku, mmene amalonda ankayala katundu ndipo oyenda pansi ankabisala dzuwa ndi mvula. Udayambira pa Milion, chipilala chimene ankawerengerapo kutalika kwa misewu yopita m'zigawo. Mukaumvetsa msewu umenewu mwaumvetsa mzinda wonse, chifukwa mafumu otsatira ankangowonjezera mabwalo awo pa msewu womwewo, aliyense chakumadzulo kwa mnzake: bwalo la Constantine, kenako la Theodosius mu 393, kenako la Arcadius mu 403. Bwalo la Constantine lidali lozungulira, ndipo pakati pake padaima chipilala cha mwala wofiirira wa ku Egypt, chifanizo cha mfumuyo chili pamwamba. Chifanizocho chidagwa ndi mphepo mu 1106, koma chipilalacho chikadalipo, chomangidwa ndi malamba achitsulo.

Kumapeto a kummawa kudali nyumba yachifumu ndi Hippodrome, bwalo la mpikisano wa magaleta okokedwa ndi akavalo, lotalika mamita pafupifupi 450. Ziwirizi zidagundizana mwadala. Mfumu inkachoka kunyumba kwake pa makwerero akeake n'kutulukira pa khonde lapamwamba la m'bwalomo, osaponda msewu. Musalione ngati bwalo la masewera chabe. Apa ndi pamene mfumu ndi anthu ake ankaonana maso ndi maso, pamene ankaiombera m'manja zinthu zikamayenda, ndi pamene ankaikuwiza buledi akasowa.

Mzinda watsopano sukhala ndi mbiri, choncho Constantine adakaitenga kwa eni ake. Zifanizo zamkuwa ndi zamwala zidazulidwa m'makachisi ndi m'mabwalo a mizinda ya Greece ndi Asia Minor. Ku Delphi adatengako chipilala cha njoka zitatu zopotana, chimene Agiriki adapereka atagonjetsa ankhondo a Persia ku Plataea mu 479 Khristu asanabadwe. Mu 390 Theodosius adaimika pafupi nacho mwala wautali wosongoka wa Farao Thutmose III, wochokera ku Karnak. Zonse ziwiri zikadali pamalo pamene padali Hippodrome.

Pali cholakwa chimene chimabwerabwera m'mayankho a mayeso, chakuti Constantine adamanga mzinda wachikhristu wopanda mafano. Ayi. Makachisi akale a pa phiri la Byzantium adawasiya chiimire. Adamangadi tchalitchi cha Hagia Eirene ndi nyumba ya Atumwi Oyera, mmene adaikidwa atamwalira mu 337, koma Hagia Sophia yoyamba idatsegulidwa mu 360, iye atagona kale zaka 23. Matchalitchi adachuluka pambuyo pake.

Buledi

Kumanga nyumba sikuvuta kwa mfumu. Chovuta n'kupeza anthu okhalamo. Constantine adakopa ena, ena adawakakamiza. Akuluakulu osamukirako ankapatsidwa nyumba. Ogwira minda yachifumu ku Asia Minor adalamulidwa kukhala ndi nyumba mumzindamo, ndipo lamulo limeneli lidachotsedwa mu 438, pamene kudandaula kudali kwa kuthithikana, osatinso kwa kuchepa kwa anthu. Anthu wamba adawakopa ndi chakudya: kuyambira mu 332 boma linkagawa magawo 80,000 a buledi waulere tsiku ndi tsiku. Ena mwa magawowa adali a nyumba, osati a munthu. Womanga nyumba ankalandira ufulu wa buledi, ndipo akaigulitsa, ufuluwo unkapita kwa wogula. Mwaiona nzeru yake? Boma linkalipira anthu ndi buledi kuti alimangire mzinda.

Tirigu yense ameneyu ankachokera ku Egypt. Alimi a m'mbali mwa Nile ankapereka tirigu ngati msonkho, mabwato n'kutsika naye mpaka ku Alexandria, kumene ankapakiridwa m'zombo. Zombozi kale zinkapita ku Roma. Tsopano zidatembenukira kumpoto, ndipo Roma udatsala kudalira minda ya kumpoto kwa Africa. Lamulo lina la mfumu Justinian limatchula miyeso 8 miliyoni pachaka, imene akatswiri amaiwerengera kuti ndi matani oposa 150,000.

Ulendowu udali ndi pothina. Pa mpata wa Dardanelles madzi amathamangira kumwera, ndipo m'miyezi yotentha mphepo nayo imaombera kumwera komweko, moti chombo chodalira matanga chinkatha kudikira masabata ambiri, tirigu akuwonongeka. Justinian adamanga nkhokwe yaikulu pa chilumba cha Tenedos, pakamwa pa mpatawo, kuti zombo zizitsitsa katundu n'kubwerera ku Alexandria kukatenga wina nyengo isanathe. Zombo zina zinkamunyamula mphepo ikatembenuka.

Kumzinda nako madoko awiri akale a pa Golden Horn, Neorion ndi Prosphorion, adachepa. Mu 362 mfumu Julian adakonza doko latsopano ku Marmara, ndipo Theodosius adawonjezera lina lalikulu kuposa, nkhokwe zili pambali, imodzi yotchedwa dzina la Alexandria. Doko la Theodosius lidakwiririka ndi matope a kamtsinje ka Lycus n'kusanduka madimba. Mu 2004, pokumba njanji yodutsa pansi pa Bosporus, anthu adalipeza ku Yenikapı, ndipo m'matopemo mudatuluka zombo zakale 37.

Madzi

Apa tichedwepo, chifukwa ntchito yaikulu kuposa zonse mumzindawu ndi imene alendo ambiri saiona.

Byzantium udali ndi ngalande ya m'nthawi ya mfumu Hadrian, yochokera m'nkhalango za kumpoto, koma inkalowa mumzinda motsika, moti madzi ake sakadakwera m'zitunda za mzinda watsopano. Kumbukirani kuti kudalibe injini zopopera madzi ochuluka chotero. Madzi ankayenda okha, kutsata kutsetsereka. Choncho kasupe ankayenera kukhala pamwamba kuposa malo amene madziwo akupita, ndipo ngalande inkayenera kutsika pang'onopang'ono ulendo wonse: ikatsika kwambiri madzi agumula zipupa ndipo afika pansi msanga, ikapanda kutsika aima. Inu amene mudaonapo akalozera m'munda wotsetsereka mukudziwa mmene mzere umakhotera potsata phiri. Ngalande imeneyi inkayenda chimodzimodzi, kulowa m'chigwa chilichonse n'kutulukanso. Pamene kuzungulira kukadatalika kwambiri ankaboola phiri kapena kumanga mlatho.

Akasupe okwanira ndi okwera mokwanira adapezeka kutali, m'mapiri a Thrace. Madzi adafika mumzinda mu 373, m'nthawi ya mfumu Valens, patapita zaka 43 chitsegulireni mzindawo. M'zaka za m'ma 400 ngalandeyo idatalikitsidwa mpaka kufupi ndi Vize, makilomita pafupifupi 120 mukayeza mowongoka, koma oposa 250 mukatsata kukhota kwake. Ngalande yaitali kwambiri yopita ku Roma, Aqua Marcia, idali ya makilomita 91 okha. Chidutswa chodziwika lero ndi mlatho, poyamba wa mamita 971, umene unkawolotsa madzi pakati pa zitunda ziwiri m'kati mwa mzinda, umene magalimoto a ku Istanbul amadutsa kunsi kwake. Milatho ina yambiri ili m'nkhalango za Thrace, yomera mitengo.

Ngalande yaitali chotero ili ndi zofooka ziwiri: m'chilimwe madzi amachepa, ndipo mdani akhoza kuidula ali kutali ndi mivi yanu. Yankho lidali kusunga madzi m'kati mwa linga. Adakumba madamu aakulu a zipupa za njerwa: la Aetius mu 421, lotalika mamita 244 ndi 85 m'lifupi, la Aspar mu 459, la mamita 152 mbali zonse, ndi la Mocius. Kuti muone kukula kwake, dziwani kuti m'damu la Aetius lero muli bwalo la mpira. Padalinso matanki apansi pa nyumba, ofoleredwa, ndipo odziwika lero ndi oposa 200. Lalikulu kwambiri ndi la Justinian, la mamita 138 ndi 65, la mizati 336, losunga malita pafupifupi 80 miliyoni. Mizati yambiri idachokera m'nyumba zakale zogumuka, ndipo iwiri idakhazikidwa pa mitu yosema ya Medusa, wina chozondoka, wina chogona chammbali. Kwa mmisiri uja idali miyala ya msinkhu woyenera, basi.

Madzi otere sadasowe akuba. Olemera ankaboola ngalande kuti athirire minda ndi kudzaza mabafa awo, ndipo malamulo oletsa zimenezi ankabwerezedwabwerezedwa, chizindikiro chakuti sankamveka. Mfumu Zeno adafika polamula kuti alonda a madzi azidindidwa dzina la mfumu padzanja, kuti akuluakulu asamawatenge kukagwira ntchito zina.

Mafumu akhazikika

Buledi ndi madzi zikukonzedwa choncho, eni mzinda sankagonamo kawirikawiri. Constantius II, mwana wa Constantine, adaukweza pa ulemu: adakulitsa bwalo la akuluakulu lotchedwa Senate, limene Themistius, amene adagwira nawo ntchitoyo, adati lidachoka pa anthu 300 kufika pa 2,000, ndipo mu 359 adaupatsa bwanamkubwa wakewake monga zidalili ku Roma. Komabe iye mwini ankakhala kunkhondo. Valens, yemwe dzina lake lili pa ngalande, ankakhalitsa ku Antioch.

Zinthu zidasintha Valens ataphedwa ndi ankhondo a mtundu wa Goth ku Adrianople mu 378. Theodosius adalowa mumzindawu mu 380 nakhazikikamo. Mu 381 adaitanitsa msonkhano wa mabishopu umene udagamula kuti bishopu wa Constantinople akhale wachiwiri pa ulemu kwa wa ku Roma, chifukwa mzindawo ndi Roma Watsopano. Chikhulupiriro cha Nicaea chimene ambiri a inu mumanena kutchalitchi chimatsata mawu ogwirizana ndi msonkhano umenewu. Kuyambira mu 395, pamene Arcadius adalowa ufumu wa kummawa, mafumu adaleka kutsogolera nkhondo okha kwa zaka pafupifupi 200. Mfumu ikakhala pamodzi, maofesi, makhoti, akazembe, odandaula ndi ofuna ntchito onse amalondola komweko. Likulu lidayamba apa.

Linga

A Goth atapambana mu 378 adafika mpaka pa linga la Constantine, nabwerera. Mu 410 Alaric adalowa mu Roma n'kufunkha. Pa nthawiyo mfumu ya kummawa, Theodosius II, adali mwana. Adalowa ufumu mu 408 ali ndi zaka 7, ndipo boma linkayendetsedwa ndi nduna yaikulu Anthemius. Iyeyu ndiye adamanga linga latsopano limene lidatha mu 413, lotalika makilomita pafupifupi 6, kumadzulo kwa la Constantine. Eni minda imene linga lidadutsamo adaloledwa kugwiritsa ntchito nsanja zake, koma ndi udindo wozikonza.

Malo a mzinda adawirikiza, kufika pa masikweya kilomita pafupifupi 14. Koma taonani: dera la pakati pa malinga awiriwa silidadzale nyumba. Mudali madimba, manda, nyumba za amonke, nyumba za olemera zotalikirana, ndiponso madamu atatu aja, onse. Ine ndimaona kuti Anthemius sankangofuna malo ogona anthu. Ankafuna mzinda woti ukazingidwa uzimwa ndi kuthyola ndiwo m'kati mwa mpanda wake.

Mu 447 chivomezi chidagwetsa nsanja 57, Attila ndi ankhondo ake a mtundu wa Hun ali kale m'dera la Balkan. Nduna Constantinus adasonkhanitsa anthu a mumzinda ndipo adakonza lingalo m'masiku 60. Mawu osema pa chipata china amanenabe zimenezi. Litatha kukonzedwa, mdani wochokera kumadzulo ankayamba wakumana ndi dzenje la mamita pafupifupi 20 m'lifupi, kenako bwalo loyera, kenako linga lakunja, kenako bwalo lina, ndipo pomaliza linga lamkati, lotalika mamita 12 ndi kunenepa mamita pafupifupi 5, lokhala ndi nsanja 96. Aliyense woima kumbuyo ankaponya mivi pamwamba pa mitu ya anzake a kutsogolo. Mu 439 adali atayambanso kutchinga mbali za kunyanja. Linga la kumtunda limeneli silidathyoledwe ndi nkhondo mpaka mu 1453, pamene Mehmed II adabwera ndi mizinga. Ankhondo a mtanda amene adalanda mzindawu mu 1204 adalowera ku linga la ku Golden Horn.

M'kati mwa linga

Tili ndi mwayi kuti cha m'ma 425 munthu wina adalemba m'Chilatini mndandanda wa zonse za mumzindamo, umene umatchedwa Notitia Urbis Constantinopolitanae. Mzinda udagawidwa m'zigawo 14, monga Roma. Mudali madoko 4, nkhokwe 5, misika ya nyama 5, makonde a mizati 52, mabafa aakulu a boma 8 ndi a anthu 153, nyumba zophikira buledi za boma 20 ndi za anthu 120, makwerero 117 ogawirapo buledi, ozimitsa moto 560, nyumba 4,388, ndi matchalitchi 14. Musaloweze manambalawa, ayerekezeni. Mabafa oposa 160, matchalitchi 14. Malo ophikira buledi 140, pomwe bwalo la magaleta ndi limodzi. Mndandandawu ukuonetsa chimene boma linkasamala tsiku ndi tsiku. Nyumba 4,388 zija akatswiri ambiri amati zidali zikuluzikulu zokha. Anthu wamba ankachita lendi m'nyumba zosanjikizana.

Wolemba mbiri Zosimus, cha m'ma 500, adadandaula kuti m'misewu anthu ndi ziweto ankapanikizana koopsa, ndiponso kuti anthu ankakhoma mitengo m'nyanja n'kumangapo nyumba. Kuthithikana kotere, nyumba zambiri zili ndi matabwa, kudaitana moto. Wa mu 465 udapsereza zigawo 8 mwa 14 zija.

Pomanganso padabuka milandu yambiri, ndipo Zeno, amene adalamulira kuyambira 474 mpaka 491, adapereka lamulo la kamangidwe. Adalilemba m'Chigiriki, osati m'Chilatini monga mwa chizolowezi, kuti anthu alimve okha. Pakati pa nyumba ziwiri pazikhala mapazi 12, amene ndi mamita atatu ndi theka. Wosiya mpata umenewu amange motalika mmene afunira, koma asatchinge mnzake kuona nyanja, pokhapokha ngati pakati pawo pali mapazi 100. Lamulolo lidafika mpaka ponena kuti kuona nyanja uli kukhitchini, kuchimbudzi kapena pa makwerero sikuwerengedwa, ndipo kuona mitengo ndi minda sikutetezedwa. Timashopu ta matabwa timene amalonda ankakhoma pakati pa mizati ya Mese sadatigwetse. Adangolamula kukula kwake, natinso tikutidwe ndi miyala yosalala kuti msewu uoneke bwino. Ndimalikonda lamulo limeneli kuposa zipilala zonse, chifukwa m'menemo mukumveka mikangano ya anthu enieni: wina wamanga khonde pamaso pa mnzake, wina wafutukulira malonda mumsewu. Mu 531 Justinian adalamula kuti ligwire ntchito m'mizinda yonse ya ufumu.

Justinian, ndi zimene zidatsatira

Mu Januwale 532 magulu awiri ochemerera magaleta, a Buluu ndi Obiriwira, amene ankadana, adagwirizana zoukira Justinian. Zipolowezo, zimene zimatchedwa Nika, zidayambira mu Hippodrome ndipo zidathera momwemo, asilikali atapha anthu pafupifupi 30,000. Pakati pa mzinda padatsala phulusa: Hagia Sophia, Hagia Eirene, mabafa a Zeuxippus ndi chipata cha nyumba yachifumu zonse zidapsa. Justinian adapeza malo oyera omangapo. Hagia Sophia yatsopano, ya amisiri Anthemius wa ku Tralles ndi Isidore wa ku Miletus, idatsegulidwa pa 27 Disembala 537, zaka zisanu ndi chimodzi zisanakwane. Liwiro limeneli lidatheka mwa zina chifukwa miyala yosalala inkachokera pafupi, pa chilumba cha Proconnesus m'nyanja ya Marmara, ndipo inkabwera pa zombo. Denga lake lozungulira, la mamita 31 m'mimba mwake, lidagwa mu 558 zivomezi zitalifooketsa, ndipo lidamangidwanso lokwererapo pofika 562.

Yerekezani ndi Constantine. Uja adamanga msewu, mabwalo ndi linga. Uyu adamanga matchalitchi oposa 30 mumzinda ndi m'mbali mwake, zipatala ndi thanki. Sadafutukule linga. Mzinda udali utafika pamene buledi ndi madzi ake akadaufikitsa, ndipo akatswiri amati mudali anthu pakati pa 300,000 ndi 500,000.

Mu 542 mliri udafika kuchokera ku Egypt, njira yomweyo ya zombo za tirigu. Procopius, amene adauona ndi maso, adalemba kuti udatha miyezi inayi ndipo pachimake pake ankafa anthu 5,000 mpaka 10,000 patsiku. Manda atadzala, adasasula madenga a nsanja za ku Sykai, tsidya la Golden Horn, n'kuponyamo mitembo. Ngakhale manambala ake atakhala okokomeza, mliriwo unkabwerabwera kwa zaka 200.

Mu 618, ankhondo a Persia akulowa mu Egypt, boma la mfumu Heraclius lidathetsa buledi waulere, patapita zaka 286 chiyambireni. Egypt adabwerera m'manja mwa ufumuwo kwa kanthawi, kenako Aluya adamulanda m'zaka za m'ma 640, ndipo zombo za tirigu sizidabwerenso. Mu 626 a mtundu wa Avar adazinga mzindawu kumtunda, a ku Persia ali tsidya la Bosporus. Linga lidalimba, koma ngalande ya Valens adaidula, ndipo idakhala yodukayo zaka pafupifupi 140. Kuchedwa kumeneku kukutiuza mmene anthu adachepera: ngalande yakale ya Hadrian, zitsime ndi madzi a mvula zinkawakwanira. Chilala chitavuta cha m'ma 766, mfumu Constantine V adaganiza zoikonza, koma mumzinda mudalibe amisiri okwanira. Adachita kuitanitsa anthu pafupifupi 7,000, omanga, opaka pulasitala, oumba njerwa ndi onyamula katundu, kuchokera ku Asia Minor, Greece ndi Thrace.